Shawelo Imene Inabwerako ku Chipatala

Singano yolukira ya amayi inali yachitsulo chotuwa, yaitali ngati pensulo, yokhala ndi kambedza kumapeto. Pakati pake, pomwe chala chachikulu chinkakhala, panali posalala kuposa pena paliponse. Inkakhala m'chitini chakale cha mabisiketi pamodzi ndi sizasi, mabatani ndi tizidutswa ta ulusi tomwe amayi sankalola kuti titayidwe. Ukatsegula chitinicho munkatuluka fungo la dzimbiri ndi sopo.

Tinkakhala ku Area 4, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ina yaikulu. Abambo anali kalaliki mu ofesi ina ku City Centre, ndipo ankalawirira kukakwera minibasi kunja kusanayere bwino. Amayi sankaluka kuti agulitse. Ankangokonda kuluka basi. Mipando yathu yonse inali ndi tinsalu toluka pamsana, wailesi inali ndi kake, ngakhale botolo la maluwa apulasitiki analivekera kasiketi. Abambo ankati tsiku lina adzangoti asinze pampando, podzuka adzapeza nawonso awalukira chophimba.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu Sitandade 4, ndipo amayi anali oyembekezera. M'nyumbamo mwana ndinali ndekha, ndipo ndinali nditadikira mng'ono wanga nthawi yaitali. Kuzizira kutangoyamba, tinapita kumsika ku Old Town, mbali yomwe amagulitsa kaunjika. Amayi anavundula mulu wa majuzi mpaka anatulutsa ina yaikulu yachimuna, yoyera ngati mkaka. Kukula kwake sanakusamale. Anaitembenuza n'kuyang'ana m'misoko kuti aone ngati ingamasuke bwino. Ulusi watsopano wa m'masitolo ankati ndi wouma, umakanda khanda.

Pobwerera anaima pawindo la sitolo ina pomwe anapachika shawelo ya makanda. Anaiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Kenaka anangoti, "M'mphepetemu alakwitsa," tinapitirira.

Yawo anaiganiza okha, popanda buku kapena chithunzi. Anamasula juzi ija, kuchapa ulusi kuti uwongoke, n'kuuyanika pawaya. Anayambira pakati, kanthu kakang'ono ngati chikhatho changa, ndipo tsiku ndi tsiku kankakula mozungulira mpaka kanayamba kuwafunda m'maondo. M'mphepete ankafuna kuti muoneke ngati masamba a chinangwa. Analuka, sizinawakomere, anamasula, n'kuyambanso. Ndimakumbukira dzuwa lofooka la mu Juni pakhonde, milomo yanga yong'aluka ndi mphepo, ndi mawu amene ankandiuza nthawi zonse ndikayandikira: "Kasambe kaye m'manja, wadya mbatata iwe."

Itatha anaichapa, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'jumbo ya buluu pamodzi ndi tizipewa ndi timasokosi. Jumboyo inkakhala pafupi ndi chitseko.

M'mawa wina mu Julayi ndinadzutsidwa ndi galimoto ya eni nyumba yaikulu ija. Amayi anatuluka atagwira m'chiuno, abambo pambuyo atanyamula jumbo ya buluu. Ine anandisiya kwa mayi wina woyandikana nafe. Kusukulu ndinauza aliyense, ngakhale aphunzitsi, kuti kwathu kubadwa mwana.

Amayi anabwerako patapita masiku angapo. Anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, manja ali lende. Abambo anatsika ndi jumbo yomwe ija, yomangidwa momwe inapitira. Ndinayang'ana kumpando wakumbuyo. Munalibe kanthu.

Palibe amene anandikhazika pansi kundifotokozera. Zimene ndinadziwa ndinazitola m'mawu a akuluakulu. Amalume anabwera kuchokera kumudzi pamodzi ndi akazi awo. Anakhala pamipando yathu ya tinsalu toluka, akulankhula motsitsa mawu. Ndinamva kuti mwanayo anabadwa osapuma, ndi kuti amayi achikulire okhaokha ndi amene anakamuika, monga mwa mwambo. Amuna sapitako. Nyimbo siziimbidwa, moto wa maliro susonkhedwa. Akazi a amalume anagwira amayi paphewa n'kunena kuti, "Wotere saliridwa, mungatseke mimba. Atayika ndi madzi, mtsuko ulipo." Amayi anagwedeza mutu kuvomera.

Ndipo sanaliredi. Ndakula tsopano, ndili ndi ana anga, ndipo sindikuwaweruza amayi achikulire aja. Iwonso anauzidwa zomwezo pa nthawi yawo. Koma ndimadziwa kuti amayi anga anamvera langizolo mpaka kumapeto, ndipo sanaberekenso.

Popeza panalibe maliro, panalibenso chifukwa chojombera. Abambo anapukuta nsapato zawo n'kupita kuntchito. Ine ndinapita kusukulu. Aphunzitsi anandifunsa pamaso pa anzanga, akumwetulira, "Nanga kwanu kwabadwa chiyani?" Ndinayankha kuti, "Palibe." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anandituma kukafufuta bolodi, ngakhale panalibe zambiri zolembedwapo. Ndinafufuta mofatsa, fumbi la choko likundigwera m'manja. Sindinamve chisoni. Ndinkangoona ngati tinakonzekera mlendo ndiye wasintha maganizo.

Masabata otsatirawo ndimawakumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Amayi ankaphika, kusesa, kuchapa. Akamaliza ankakhala pakhonde manja ali pamiyendo, opanda kanthu. Ndinali ndisanaonepo manja awo atangokhala. Kutsogolo kwa bulauzi yawo kunkanyowa, ndipo ankaikako kansalu. Wailesi sinkatsegulidwa. Abambo akaweruka ankapereka moni, kudya, n'kukhala ndi nyuzi yomwe tsamba lake silinkatembenuzidwa. Sankakangana. Ankapatsana mchere, kufunsana za makala, basi.

Jumbo ya buluu inali pamwamba pa kabati. Mayi woyandikana nafe uja anabwera tsiku lina n'kunena kuti mwana wa mchemwali wake wachira, ali ndi khanda, mwina shawelo ija ingakathandize kumeneko kusiyana n'kumangoiona. Ankanena mwachifundo ndithu. Amayi anati, "Ayi, zikomo." Amalume atabweranso anati ndi bwino amayi akapume kumudzi mwezi umodzi, ndipo zovala zija zichoke m'nyumba. Amayi anati, "Ndili bwino, achimwene." Abambo anali pomwepo, akuyang'ana pansi. Amalume anabwerera okha.

Kuzizira kunatha, kunabwera mphepo ya Ogasiti yodzaza fumbi m'mawindo. Loweruka lina masana ndinabwera kuchokera kosewera fulaye, ndili ndi ludzu. Chitseko chinali chotsegula. Amayi anali atakhala pamkeka, shawelo ili pamiyendo, akuimasula kuyambira m'mphepete mwa masamba a chinangwa muja. Ulusi unkatuluka wopotanapotana, ukulira pang'ono ngati udzu wouma. Moyang'anana nawo, pa kampando kakafupi, panali abambo, atapinda malaya m'mikono, atatambasula manja onse awiri, amayi akukulunga ulusiwo m'mikono mwawo. Abambo anali asanakhudzepo ulusi chibadwire changa. Kugwira chonchi inali ntchito yanga.

Ndinaima pakhomo. Sanandione msanga. Shawelo inkachepa, ulusi ukuchuluka m'mikono mwa abambo. Ndiye abambo analankhula, osakweza mutu.

"Anali ndi tsitsi?"

Manja a amayi anaima pang'ono, kenaka anapitiriza.

"Lambiri. Lakuda ngati lanu."

"Anali wamkazi, eti?"

"Wamkazi."

Abambo anagwedeza mutu. Mikono yawo inkanjenjemera, ndipo ine ndinaganiza kuti atopa, chifukwa ndinkadziwa momwe mapewa amawawira ukaimika manja nthawi yaitali. Ndinalowa n'kunena kuti, "Ababa, bweretsani ndigwire ine, inu simukutha."

Amayi anandiyang'ana ndi nkhope yofatsa. "Imwa madzi, ukasewere," anatero.

Ulusi umenewo pambuyo pake anandilukira nawo juzi, imene ndinaivala mpaka mikono inafupika. Kulukanso anayambira pamenepo, ndipo mawu anayamba kubwerera m'nyumba pang'onopang'ono. Koma tsiku limenelo ndinatuluka nditakwiya. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndikuponya timiyala pampanda, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu angawononge bwanji chinthu chokongola chimene chinatenga nyengo yonse kuluka, ndiponso kundilanda ntchito yanga. Sindinadziwe kuti abambo mwana wawoyo sanamuoneko n'komwe, ngakhale pomwe anagona sanapadziwe, ndi kuti anakhala masabata onsewo akuopa kufunsa. Ine ndinkangoona kuti ulusi akuugwira molakwika.