Mkazi Wosavala wa m'Baraka ya Clementina

Clementina anakulira m'minda ya mbatatesi ku Tsangano, nakwatiwa ku Furancungo ndi José, bambo wosakhazikika mtima amene anagula televizau, sola ndi kamakina ka jogu, masewera a pa televizau aja, kenako n'kumwalira asanamuonetse ngakhale poyatsira. Clementina anadziphunzitsa yekha, ndipo baraka, kanyumba kake ka kumsika komwe ana amalipira kuti asewere jogu, ndiyo yakhala ikudyetsa iye ndi mwana wake Eugénia.

Jogu yomwe ana amaifera ndi ya nkhonya. Muli amuna khumi ndi mmodzi oti wosewera asankhepo, aliyense atavala mokwana: wina malaya achitsulo, wina majombo ofika m'mawondo. Mkazi alimo mmodzi yekha, ndipo amene anamujambulayo nsalu inamuthera. Kansalu pachifuwa, kansalu m'chiuno, basi. Akamenyedwa amalira ngati akunyengerera munthu. Clementina zinkamunyansa. Ankati wojambulayo sanalaweko chisanu cha kuno, komanso alibe mlongo.

Nkhani inafika kwa amayi a kutchalitchi. Mkulu wa gulu lawo, amayi Guilhermina, anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, nakana mpando. Ananena ali chiimire kuti ana akapitiriza kuonerera maliseche pamenepo, Clementina abweze mpango wa gulu, ndipo makolo adzauzidwa pa Misa kuti aletse ana awo kupondako. Zikanatero, baraka ikanatsekedwa mwezi womwewo.

Clementina anachita chomwe mayi aliyense amachita akapeza mnzake ali chomwecho panjira: anamuveka. Anang'amba kapulana yake yakale, chitenje chomwe ankavala, namata chidutswa pagalasi, kuyambira m'khosi mwa mkaziyo mpaka m'mawondo. Ulemu unaoneka ndithu, mpaka ndewu itayamba. Mkaziyo analumpha n'kukatera mbali ina ali chimodzimodzi, kapulana n'kutsala ikufunditsa khoma. Ana anaseka mpaka kugubuduka pansi.

Ndiye anaika lamulo lakuti pabaraka pake mkazi uja asasankhidwenso. Amayi Guilhermina anakhutira, mpango unatsala kwa mwini wake. Anyamata sanadandaule, poti iwo sankamusankha n'kale.

Amene anasiya kubwera ndi atsikana atatu, anzake a Eugénia, omwe ankafika Loweruka lililonse akamaliza kuchapa. Clementina anangoti mwina awaletsa kwawo, ndipo sanafunse.

Loweruka lina m'mawa, baraka ili pululu, anaitana Eugénia kuti asewere awiriwo. Mtsikanayo anatenga choseweretsera, nayendayenda pankhope za amuna aja, kupita ndi kubwerera, osasankha aliyense.

"Sankha, mwanawe, batire silidikira munthu," anatero Clementina.

"Amama, pamenepa ine ndikhale uti?"

Clementina anayang'ana pagalasi. Zinali ndevu ndi zibakera zokhazokha, ndipo pakona panali mkazi uja, amene iye mwini anamuletsa. Apa m'pamene anazindikira chimene chinaleketsa atsikana aja kubwera.