Atelala ndi Mwana wa Kuseri kwa Katani

Ndinawadziwa tsiku lomwe ndinapita kwa iwo ndi buluku long'ambika kumbuyo. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa ometa ndi owotcherera zitsulo. Atelalawo anali mayi wamfupi, wa mapewa okwera ngati akudikira kumenyedwa. Anapalasa makina pang'ono n'kuima, khutu atalozetsa ku katani yakumbuyo. Anapalasanso, n'kuimanso.

"Makinawa ali ndi befu, mayi?" ndinafunsa.

"Lodwala ndi bulukuli, achimwene. Mumakhalira misomali?"

Kuseri kwa kataniyo kunkakhala mwana wawo mmodzi yekhayo, wodwala khunyu chiyambire ukhanda. Tinkamutchula Bwana, poti zonse m'shopumo zinkayendera iye. Asanagwe ankabuula pang'ono chabe, kubuula koti phokoso la makina likhoza kukumeza. N'chifukwa chake mayi ake sankasoka msoko wautali osaima. Bambo ake anapita kukafuna ntchito mwanayo akukwawa, ndipo kupita kwake kunali komweko.

Bwana anakula, anamera ndevu, mayi ake akadali tcheru. Thupi lawo linayamba kulira. Ankakukuta mano mpaka lina linasweka. M'mimba munkaotcha ngati ameza khala. Miyendo inaonda, mimba n'kumakula, ndipo akadzicheka ndi lumo bala lake linkachedwa kupola. Chitseko chikamenyetseka kwa ometa ankadzambatuka, mtima uli phaphapha, thukuta kamukamu.

Ndinawaperekeza kuchipatala pamene maso anayamba kuchita chidima. Dokotala anawayeza n'kupukusa mutu.

"Mayi, munthu akathamangitsidwa ndi galu, thupi limathira m'magazi timadzi tomupatsa mphamvu zothawira. Galu akabwerera, timadzito timaphwa. Koma inu mpopi wake sunatsekedwepo. Timeneto ndi timene takweza magazi ndi shuga, ndipo tikufooketsa mbali ya ubongo yosunga zinthu. Muzipumula."

"Ndipumule? Adokotala, ndilembereni munthu, osati mapiritsi."

Munthuyo sanapezeke. Abale ankaopa thovu la Bwana, ati limapatsira matenda, ngakhale anamwino anawauza kuti ndi bodza. Kuiwala kunafika mwakachetechete. Anadula mikono iwiri yakumanzere pa suti ya mkwati. Ankaima pakati pa shopu tepi ili m'khosi, akuifunafuna. Makasitomala anatha mmodzimmodzi. Tsiku lina ndinawapeza ataima, botolo la mankhwala a Bwana lili m'manja.

"Ndamupatsa kapena sindinamupatse? Achimwene, mutuwu ukudontha. Imfa sindikuiopa. Koma ndikapita, akagwa adzamutembenuza ndani?"

Ine ndemwe ndinali nkhalamba ya mawondo olira.

Chaka chawo chomaliza anandiitanitsa masana. Ndinapeza atakankhira makina kukhoma, atayala chiguduli pansi. Bwana anali pampando, imvi zitayamba m'ndevu.

"Lero muphunzira," anatero atelalawo. "Ine ndikhala Bwana."

Anadzigoneka pansi movutikira n'kuyamba kugwedeza miyendo yawo yoondayo.

"Chotsani mpandowo, ndingadzimenyetse! Ikani nsalu kunsi kwa mutu. Musandipanikize, simukumanga mbuzi! Supuniyo ya chiyani? M'kamwa simuyikidwa kanthu. Tsopano ndaleka kugwedezeka, nditembenuzeni chammbali."

Ndinawatembenuza. Anali opepuka ngati mtolo wa zigamba.

"Bwerezani."

Tinabwereza mpaka ine befu. Kenaka anayang'ana uku ndi uku modabwa.

"Achimwene, ndikutani pansi pano?"

Ndinayesa kuwadzutsa koma msana wanga unakana. Bwana ananyamuka pampando, anawalowetsa manja m'khwapa n'kuwakhazika bwinobwino. Anawasansa ulusi womwe unakakamira ku tsitsi.

"Munagwa, amayi," anatero. "Koma zatha. Amalumewa anakutembenuzani bwino."

Mayi ake anandigwira dzanja mwamphamvu, zikhadabo kulowa m'khungu.

"Ndiye mawa mubwerenso," anatero.