Nkhadze ya Bambo Anga

Bambo anga anali kalipentala, munthu wosalankhulalankhula. Ukadandaula kuti mpando ukugwedera, sankakuyankha, koma mawa lake unkaupeza uli nganganga. Amayi ndiwo ankalankhulira nyumba yonse. Tinkakhala m'mphepete mwa msewu wopita kumsika, ndipo palibe ankadutsa osaimitsidwa. "Iwe, mwana uja wachira?" Mpaka ndiwo kupserera pamoto!

Kenako amayi anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu n'kutheratu. Chinawatsalira ndi mpando wapakhonde umene bambo anawakhomera. M'mawa tinkawakhazika pamenepo, iwo n'kumakwezera dzanja lamanzere aliyense wodutsa. Anthu ankaima pampanda wathu wawaya n'kuwabenthulira zakumsika, amayi n'kumaseka chammbali. Moyo wawo unali umenewo basi.

Tsiku lina ana asukulu anayamba kuwayeseza, kupotoza milomo uku akukoka mwendo. Bambo anaona ali m'shedi. Sanakalipe, anangovula epuloni n'kupita kwa wogulitsa mbande kukafuna chobzala chotchinga khonde.

Nsungwi anazikana, ati mizu idzang'amba khonde. Maluwa aminga anawakananso, ati amafuna kusadza mwezi ndi mwezi. Timitengo tina tokongola tinali todula, komanso tochedwa kukula.

"Ndikufuna chofulumira, chotsika mtengo, choti munthu asaone m'kati," anatero bambo.

Wambandeyo anaseka. "Ndiye musagule kanthu, bwana. Kathyoleni nthambi za nkhadze, muzingozika pansi."

Anaibzala ngati akupanga kabati, ndi chingwe ndi tepi, mothithikana.

"Bambo, nanga amayi aziona chiyani?" ndinafunsa ine.

"Amayi ako si kanema woti aliyense aziwaonera."

Nkhadzetu ilibe ulemu. Poyamba tinkaona odutsa kuyambira m'chiuno, kenako mitu yokha, kenako mitolo yapamutu basi. Ena ankaperekabe moni kuseri kwa mpandawo, koma moni wosayankhidwa umatopetsa, ndipo dzanja la amayi sankaliona. Pang'ono ndi pang'ono analeka. Amayi anayamba kukakamira chitseko tikafuna kuwatulutsa, mbale n'kumaikankha. Zimandipwetekabe mtima, chifukwa bambo anachita zonsezi powakonda, ndipo ankauthirira mpandawo mokhulupirika kuposa maluwa.

Bambo anazindikira mochedwa, amayi atatsala mafupa okhaokha, tsitsi lili mbuu. Anavala magalasi akuntchito, poti utomoni wa nkhadze umaononga maso, n'kuudula mpanda wonse mpaka m'maondo. Ine ndinasambitsa amayi, n'kuwaveka diresi lawo labwino. Ulendo uno sanakakamire chitseko.

Koma msewu unali utaiwala kucheukira kwathu. Anthu ankangodutsa, maso patsogolo. Dzanja lija linkakwera, n'kutsika, n'kukweranso.

Chakumasana, mayi wina wogulitsa tomato, mnzawo wa amayi wa ponda apa m'pondepo, anaima ataona bambo akuunjika nthambi.

"Aa, a kalipentala! Pepanitu, maliro a mnzanga uja sitinamve. Anatisiya liti?"

Amayi anali pakhonde pomwepo, akumva zonse, dzanja lili m'mwamba. Bambo anangoloza pakhondepo ndi chikwanje.

Mayi uja anasuzumira pakhondepo, n'kupinda maondo mwaulemu.

"Muli bwanji, agogo?" anatero, n'kutembenukira kwa bambo. "Kodi kwabwera alendo?"