Tinaimba Anthu Akudya

Fungo la chikopa cha mbuzi chouma padzuwa limandibwezera kwathu, kumudzi wa m'tsinde mwa phiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Chaka chimenecho achimwene anga, a Yosefe, anakhomera chikopa pansi kuseri kwa khola, n'kuchipala ndi phale la botolo mpaka chinayera. Kenaka anachikunga pa poto wakale wobooka n'kupanga banjo. Nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo mbali yanga inali kuimba, chifukwa mawu a achimwene ankasasa akangowakweza pang'ono.

Achimwene anali atalephera mayeso a Fomu 4. Bambo, amene anali mkulu wa mpingo, sanakalipe. Anangonena tsiku lina tikutong'ola chimanga pamphasa kuti mvula ikayamba achimwene adzapita ku Kasungu, kukagwira ntchito pa esiteti ya fodya kumene kunali amalume. "Waya salera munthu," anatero, osadzutsa maso. Banjo tinaisamutsira kudimba, ndipo tinkayeserera nyimbo pakati pa nzimbe madzulo tikatha kuthirira mpiru. Achimwene ankakhulupirira kuti anthu akayamba kutiitana mvula isanagwe, bambo asintha maganizo. Vuto linali loti palibe amene anali atatimvapo, kupatula achule a m'dambo.

Tinayamba kuyenda, kupempha poimbira. Inali nyengo ya mphepo yochokera kuphiri, yong'amba milomo, mapiri atada ndi lupsa la osaka mbewa. Pamsika mawu athu anamira m'phokoso la ogulitsa kaunjika. Anthu a pamalo omwera mowa anatikodola kuti tilowe, koma achimwene anandiyang'ana n'kukana. Aphunzitsi aakulu anati mwambo wotsekera sukulu unadzaza kale. Oyendetsa kwaya anaitembenuza banjo ija uku ndi uku, n'kuibweza akuti chipangizo chotere malo ake ndi kumowa. Tinkabwerera miyendo ili mbuu, achimwene ali patsogolo. Ine maso anali kumwamba, kuopa kamtambo kalikonse.

Amene anatitsegulira khomo anali Mayi Nankhoma, oyendetsa komiti ya ukwati wa mwana wa aphunzitsi ena a m'dera lathu. Tinawapeza akupeta mpunga pakhonde, ndipo anamvetsera nyimbo imodzi lichero lili m'manja.

"Wa disiko tinapangana naye kale," anatero. "Koma pamakhala nthawi imene akwati amapita kukasintha zovala, anthu n'kumadya. Imeneyo palibe amailimbirana. Ngati mukuifuna, itengeni."

Tinaitenga. Tinkadziwa kuti bambo adzakhala nawo kutchalitchi, koma chizolowezi chawo chinali kubwerera kunyumba ukwati ukangodalitsidwa. Za madyerero ankati ndi za ana.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Pabwalo anamanga chisakasa cha udzu ndi malona, ndipo ponseponse pankamveka fungo la mpunga, nyama ya mbuzi ndi thobwa. Kuseri kwa chisakasa kunkalira jenereta. Mnyamata wa disiko anatiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena kuti maikolofoni yake sagwiritsa ana. Nyimbo anazimitsa, koma jenereta anaisiya ikubangula. Titaimirira kutsogolo, ndinaona bambo pampando wa akuluakulu, chipewa chili pabondo, mbale yawo asanaikhudze.

Achimwene anayamba kukhwacha nsambo, ine n'kulowa mochedwa. Nyimbo inali yopeka tokha, ya mtsikana amene akutsika phiri kupita kubanja, akucheuka kuona amayi ake atatsala okha pamtondo. Koma palibe ankaimva. Jenereta, masupuni ndi mbale zinameza zonse. Ana ena anayamba kundiyerekeza, akuyasamula pakamwa ngati nsomba. Bambo wina anaseka mpaka kutsamwa. Pamenepo bambo anga anaimirira, anavala chipewa, n'kutuluka m'chisakasa pang'onopang'ono, anthu akuwapatsa njira.

Chala cha achimwene chinaphonya nsambo, ndipo ndinamva akupuma mwamphamvu pambali panga. "Usasiye," ananong'ona. Ndinatseka maso n'kupitiriza, ndikudziwa kuti za Kasungu zatsimikizika.

Mwadzidzidzi jenereta inatsokomola n'kuzima. Mawu anga, amene ndinkawakankha ndi mphamvu zonse, anatuluka okha pabwalo ponse, aakulu moti ndinadzidzimuka nawo. Masupuni anayamba kuima. Banjo inamveka bwino tsopano, yolira mopyapyala ngati ikudandaula. Pofika pamene mtsikana uja akucheuka, amayi a mkwatibwi anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo kumbuyo mayi wina anaimba nthungululu. Wa disiko anathamangira kuseri, koma anachedwako. Tinamaliza nyimbo ija, Mayi Nankhoma n'kutikodola kuti tiimbenso ina. Jenereta inadzalira akwati akulowa.

Tikutuluka, mayi wina wa kwa Dzoole anagwira achimwene pamkono n'kufunsa kumene timakhala, chifukwa kwawo kunali chinkhoswe mwezi wotsatira. Achimwene anamulongosolera njira. Ine chimwemwe chinandikanika, ndinkangoganiza zimene tikapeze kunyumba. Tinapeza bambo akukonza mpini wa khasu. Sanatifunse kanthu tsikulo, ngakhale mawa lake. Masabata onse otsatira ndinkayenda monyang'ama pakhomo, kudikira chilango chimene sichinabwere. Tinakaimba kwa Dzoole, ndipo a kumeneko anatitchula kwa ena. Mvula yoyamba itagwa, bambo anapatsa achimwene ndime yawoyawo kumunda, ndipo dzina la Kasungu silinamvekenso.

Ndili mwana ndinkati tinachita mwayi kuti mafuta anatha mu jenereta, ndipo bambo anatuluka chifukwa tinawachititsa manyazi pamaso pa mpingo. Zoona zake ndinazimva ndili kale ndi ana anga, pamaliro a bambo. Uja wa disiko, imvi zitayamba, anadzakhala pafupi nane n'kundiuza kuti tsiku la ukwati lija, atathamangira kuseri anapeza bambo atatseka okha mafuta, ataima kutsogolo kwa jenereta manja ali kumbuyo. Bambo anangomuuza kuti, "Dikirani, ana akuimba." Nyimbo zonse ziwiri anazimvera kumeneko, kuseri kwa udzu, kumene akulu anzawo sakanaona nkhope yawo.