Maso Pansi

Ine nimakamba maningi, ku Kanyama bonse baziwa. Chamene sibaziwa ni chakuti nikamakamba ine, palibe wina wofunika kumumvera.

Nili mwana, mvula ikagwa madzi yanali kulowa mpaka m'nyumba, ise kusewera m'menemo. Makutu yanayamba kutuluka mafinya. Bamayi kupukuta na kansalu, yabweranso, chaka na chaka. Mawu ya banthu yanayamba kumveka monga bakambira mu ndowa. Ninaphunzira nekha kuyang'ana pakamwa. Nikaona milomo, mawu yanali kukwana.

Vuto inali kwa batate. Kwathu mwana akaitanidwa na bakulu amagwada, maso pansi. Nikagwada choncho nimamva kuti bakamba, koma vamene bakamba kulibe. Nikakweza maso, bati ni mwano, nibayang'ana monga mnzanga. Banituma ku kantemba, nifika kuja siniziwa chogula, nabwerera manja manja. Bati mwana uyu ni wosamva, ndipo sibanali kukamba za makutu.

Nitakulako bamayi bananipereka ku kiliniki. Mankhwala yanagwira, mafinya yanatha. Banesi banati makutu yapola, koma mutu unazolowera kulandira mawu yodukaduka, ndiye uchedwa kuyalumikiza, makamaka pali chongo. Manje ku Kanyama ni liti kulibe chongo? Bala ya mowa kumbuyo kwa nyumba, chigayo, wailesi ya baneba. Batate pa vonse ivo banatengapo chimodzi chabe.

"Yapola. Manje ulibe chonamizira."

Foni ndiye inanipulumutsako. Meseji siithawa, ungaiwerenge mpaka ilowe. Ninabapempha batate, nili chogwada, kuti nkhani ikakhala yaikulu bazinilembera. Banati sibangalembere mwana wamene bagona naye nyumba imodzi.

Mwezi watha bananiitana. Ninagwada, maso pa simenti. Banakamba nthawi yaitali, mawu yapansipansi, ku bala nyimbo ili pamwamba. Ninafuna kukweza maso, khosi inakana. Pamene banaleka kukamba ninaziwa kuti bayembekeza yankho, ndiye ninayankha yamene nimayankha masiku yonse.

"Inde, batate."

Ninathamangira bamayi panja, bali kuchapa, nabagwira phewa kuti baniyang'ane. Banapukuta manja, bakamba pang'onopang'ono, milomo poyera: batate banali kunifunsa ngati ningapite ku Katete kukasunga mlongo wawo wodwala, kapena nifuna kukhala. Banati nisankhe nekha.

Inde yanga ija batate banaimva kuti nipita. Chola bananigulira kale. Kuja netiweki akuti igwira chabe pa chulu.