Mapulagi a Amalume

Fungo la petulo pagalaja lero landikumbutsa amalume. Atabwerera kwathu ku Chezi kuchokera kunyanja, m'mawa uliwonse ankayala mapulagi a injini pakhonde n'kumawanunkhiza.

"Iyi ndi yaifupi, iyi si ya boti," ankatero. "Fulumira iwe, ndipatse ina. Yohane akudikira pamadzi."

Kwathu kulibe boti, ndi mapiri okhaokha, ndipo Yohaneyo sindinkamudziwa. Poona kuyera kwa mapulagiwo, mwachibwana ndinkayesa ndi mano a Yohaneyo. Ndinkapereka nditatsinzina.

Ndinamva nditakula kuti amalume anaika pulagi ya njinga yamoto m'boti la mng'ono wawo Yohane, poti inkaoneka yofanana. Injini inazima pakati pa nyanja, mwera ukuwomba, ndipo mtembo wa Yohane sunapezeke. Amalume anamwalira akusankhabe mapulagi.