Anandimanga Pamodzi ndi Ng'ombe Yanga

Anabwera Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, ine ndikukama. Sanagogode pachitseko, chifukwa munthu wa ng'ombe sapezeka m'nyumba dzuwa litatuluka. Anagogoda pamzati wa khola ndi kandodo kawo kakafupi kaja. Anali apolisi awiri, ndipo kumbuyo kwawo, ataima patali poopa kuponda ndowe, kunali tcheyamani wa komiti yomanga bwalo la mpira. Mayina awo sindilemba. Sikuti ndawaiwala, kapena kuti ndimawaopa. Ndikungowasunga.

Wamkulu wa apolisiwo anandipatsa moni waulemu, “Monire, adada,” ngati munthu wodzapempha mkaka. Kenako anati ndikufunika kupolisi kukayankha mlandu woononga katundu wa boma, ndiponso ng'ombe imodzi ipite nawo ikakhale umboni, umene iwo amati ekizibiti. Ndinafunsa kuti iti, popeza zinadya zonse. Apolisi anayang'ana tcheyamani. Tcheyamani anayendetsa maso m'khola monse, anapitirira zazikazi zoonda, anapitirira matole, n'kuloza Sitimela.

Sitimela anali mfule wanga wapagoli, wofiira, wanyanga zotambalala. Mayi wake anafa iye ali wamng'ono, ndiye ndinamulera ndi mkaka wa m'botolo. Polima ndiye ankayenda mumzere, mnzake Mawanga ankangotsatira, pakuti Mawanga ndi mlesi wobadwa nawo. M'chaka cha njala ya ng'ombe ngati chimenecho, Sitimela yekha ndiye anali adakali ndi mnofu. Umboni sausankha poyang'ana kunenepa, koma tsiku limenelo anausankha choncho.

Mlandu wake unali wotere. Chaka chimenecho ankakonza bwalo la mpira la m'tauni kuti lifanane ndi a m'mizinda ikuluikulu. Anamanga mpanda wa mabuloko, anamanga pokhala alendo olemekezeka pofolera ndi malata, anakumba mjigo wothirira. Zonsezi ine ndinalibe nazo mawu. Mpira ndimaukonda, paunyamata wanga ndinkagwira pagolo. Chinatsala ndi kapinga. Wina mukomitimo anaona kuti akadzala wawo, mlendo wamkulu wodzatsegula bwalo afika pansi padakali fumbi. Ndiye anakumbukira dambo lathu, kuno mbali ya kwa Kapichila, malo okhawo obiriwira m'chilimwe. Malole anabwera ndi amuna aganyu. Anasenda dambo ngati akusenda mbuzi, kudula kapinga ndi dothi lake lomwe, kupakira, kumapita. Titapita kukadandaula, tcheyamani anatiuza kuti udzu ulibe mwini, unamera wokha, ndipo chitukuko sichifunsa ng'ombe.

Ng'ombe zathu zinayamba kudya makungwa ndi mapulasitiki. Yaikazi imodzi inagwa, poidzutsa tinachita kuinyamula ndi mitengo. Uko kutauni, ukasuzumira pakhomo la bwalo, kapinga wathu ali biriwiri, akumwa madzi m'mawa ndi madzulo ngati mwana wa bwana. Lamulungu lina, nditatuluka m'tchalitchi, ndinavula jekete, ndinatsegula khola, n'kukusa ng'ombe zanga mumsewu waukulu, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Geti anali asanaike. Ng'ombe sizinadikire kuuzidwa, zinaudziwa udzu wawo. Ine ndinakhala pampando wa alendo olemekezeka mpaka zinakhuta. Izi ndinachitadi, ndipo atandibwezera Lamulungu limenelo ndingaitane ndi za anansi zomwe.

Lolemba lija anandimanga unyolo pakhola pomwepo, mkazi wanga akuona. Koma Sitimela anakana kukokedwa ndi munthu wachilendo. Anamukoka, anamukwapula, iye nji. Mapeto ake anandimasula kuti ndigwire chingwe ndine. Choncho umboni wa mlandu wanga ndinautsogolera ndekha mpaka kupolisi, ndipo ndine ndinaumangirira pamtengo wa mango kuseri kwa selo.

Mafunso anayamba masana omwewo. Wapolisi wamkulu uja sanafune kumva za dambo. “Imwe mudala, ng'ombe siiziba ndale,” anatero. “Kambani chabe wamene anakutumani. Ni chipani chiti?” Ndinayankha kuti inandituma ndi njala ya ng'ombe, ndipo khadi lake la chipani sindinalione. Sanaseke. Lachiwiri anandifunsanso funso lomwelo, ulendo uno atatseka chitseko ndi kukweza wailesi. Sindilemba zambiri. Khutu langa lakumanzere linasiya kumva tsiku limenelo, ndipo mpaka lero mkazi wanga akafuna kundinena amakhala mbali imeneyo.

Muselo tinali ambiri kuposa malo. Tinkagona chammbali, potembenuka n'kutembenukira pamodzi. Kapitawo wa selo, mkaidi amene amagawa malo ogona, anali bambo wa ku Chikomeni, womangidwa chifukwa cha ndewu ya pamsika wa fodya. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka misozi, kenako anandipatsa malo a pansi pa kazenera. Kazenerako kanali m'mwamba, kotchinga ndi zitsulo. Ndikakwera pamapewa ake ndinkaona mtengo wa mango ndi msana wofiira wa Sitimela. Ndikaimba mluzu wathu wa kumunda, iye ankadzutsa mutu n'kuyankha. Akaidi anzanga anayamba kumutchula kuti mnzathu wa panja, ndipo ankati iye ndiye ali pabwino chifukwa ali pamthunzi.

Sanali pabwino. Palibe amene ankamupatsa udzu ngakhale madzi. Mkazi wanga anabwera wapansi kuchokera kumudzi, chakudya changa kumanja, mtolo wa mapesi pamutu. Chakudya changa analandira, atachivundula ndi chala. Mapesi anabweza. “Ekizibiti siimadya vakunja, amai,” anatero wapageti. Mkazi wanga si wolongolola, koma ndi wouma mutu kuposa ine. Anatula mtolo pageti pomwepo, anakatunga madzi mundowa, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi wapagetiyo. Dzuwa litapendeka, munthuyo anatopa ndi maso ake n'kumulola kulowa. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse, kudyetsa akaidi ake awiri.

Lachinayi anandiitana kuofesi. Ndinapeza tcheyamani atakhala pampando wa wapolisi, wapolisi ataima. Anandilankhula mokoma, kunditchula adada, kundifunsa za khutu langa ngati sakudziwa chimene chinalichitikira. Anati akulu satengerana kukhoti. Ndingopereka ng'ombeyo kukomiti ngati chipepeso cha kapinga, ndipo madzulo omwewo ndikagona kwathu. Ndinamufunsa kuti nanga chipepeso cha dambo adzapereka ndani. Anati dambo lidzameranso mvula ikagwa. Ndinati ndiye bwalonso lidikire mvula. Ndinakana, ndipo ndinati tikaonane pamaso pa woweruza, Sitimela ataima panja, kuti dziko limve chimene anachita ku dambo lathu. Ndinali wolimba mtima chifukwa wapolisi yemweyo anali atandiuza ndi pakamwa pake kuti ekizibiti ili m'manja mwa lamulo, palibe angaikhudze mpaka mlandu utatha.

Kukhoti sitinapite. Lero akuti galimoto ilibe mafuta, mawa akuti mapepala sanakonzeke. Sabata inatha, ina inalowa. Tsiku lina anatitenga akaidi tonse kukagwira ntchito kubwalo, kutola ndowe za ng'ombe zanga ndi kukwirira maenje a ziboda. Pamene panagwa ndowe, kapinga anali wobiriwira koposa pena ponse, koma palibe anandithokoza. Amisiri anali kalikiliki kupaka penti, ena akukoka matenti. Kuseri kwa mpanda ndinaona nkhuni zambiri zitaunjikidwa ndi miphika ikuluikulu ya pamaliro ndi paukwati. Ndinafunsa mmodzi wa amisiriwo kuti ndiwo za alendo zichokera kuti. Anayang'ana kumbali n'kupitiriza kupenta.

Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti atsegule bwalo, ndinamva mawu a tcheyamani kuseri kwa selo. Kapitawo sanadikire kuti ndimupemphe, anangowerama. Nditakwera ndinaona amuna achilendo akumasula chingwe pamtengo wa mango. Ndinakuwa kuti imeneyo ndi ekizibiti, ili m'manja mwa lamulo. Palibe anatembenuka. Ndiye ndinaimba mluzu. Sitimela anaima, anakhomera miyendo pansi, n'kutembenuzira mutu ku kazenera. Anamukoka, anakanika. Mmodzi anathyola nthambi ya mango, wina anatola chitsulo. Akayamba kusuntha ndinkaimbanso, iye n'kuimanso. Wapolisi anamenya chitseko cha selo. “Wamene aliza kamuluzu tizamuonesa,” anatero. Zimenezo sizinandiopse. Chinandisiyitsa n'chakuti ndinaona pamene chitsulo chinkagwera. Mluzu uliwonse umene ndinkaimba, amene ankaulipira anali iye. Ndinatseka pakamwa. Sitimela anadikira mluzu wina, sunabwere, ndiye anayenda.

Loweruka tinamva zonse tili muselo: zimkuzamawu, ng'oma, malipenga apulasitiki, ndi mkokomo wa anthu chigoli chikalowa. Chakumadzulo chitseko chinatseguka, wapolisi analowetsa mphika. Munali matumbo, mapapo ndi ziboda. “Lelo ni pwando, na imwe mudyeko,” anatero, n'kutseka. Anthu amene anali muja anali asanalawe nyama chiwamangireni. Fungo linadzaza selo, koma palibe anatambasula dzanja. Onse ankayang'ana ine. Ndinawauza kuti adye, mlandu si wawo. Anadya mwakachetechete, osatafuna mokweza. Kapitawo sanadye, anakhala pambali panga tonse titayang'ana khoma. Munthu ameneyo ngati ali moyo, Mulungu amuonjezere masiku.

Lolemba m'mawa anandiitana ndi katundu wanga, ndiye kuti lamba ndi nsapato. Tcheyamani analiponso, atavala malaya atsopano a tsiku la phwando. Wapolisi wamkulu analankhula akuyang'ana patebulo. “Mudala, muli na mwayi. Ekizibiti inadula ntambo, inathaba. Kulibe ekizibiti, kulibe mulandu. Yendani kunyumba.” Tcheyamani anaimirira, anatambasula dzanja, n'kunena kuti zapita zapita, tonse ndife ana a boma limodzi, ndipo pageti la bwalo ine ndizilowa ulere moyo wanga wonse.

Dzanjalo sindinalilandire. Ndinamanga kaye lamba wanga, pabowo latsopano chifukwa ndinali nditaonda, kenako ndinati, “Bwana tcheyamani, kwathu mfule wapagoli saphedwa chifukwa cha chisangalalo. Amaphedwa pamaliro a mwamuna wamkulu. Nyama ya maliro mwadya kale, inu ndi anzanu. Ine ndili moyo, ndiye malirowo si anga.”

Wapolisi anafunsa ngati ndikuopseza munthu pamaso pa lamulo. Ndinati ayi, ndikungofotokoza mwambo wa kwathu kwa anthu amene sanaufunse. Tcheyamani anaseka, koma dzanja lija analibweza m'thumba msangamsanga. Panja ndinapeza mkazi wanga pageti, mtolo wa mapesi uli pansi. Loweruka ndi Lamulungu lonse ankamuuza kuti ng'ombe aisamutsira kwa adokotala a ziweto, ndipo iye ankabwerabe nawo. Atandiona ndili ndekha anadziwa zonse. Mtolowo tinausiya pomwepo.

Mvula inagwa mwezi wotsatira. Goli ndi la ng'ombe ziwiri, ndipo Mawanga payekha sadziwa kumene mzere ukupita. Tinalima ndi makasu, ine ndi mkazi wanga, pamsinkhu umene anzathu amangoloza ndi ndodo. Theka la munda linagonera. Dambo silinamerenso monga ananenera tcheyamani, madzi anakokolola dothi n'kusiya ngalande. Anthu ankabwera kudzandiona n'kumati ndithokoze Mulungu kuti ndatuluka. Ine ndimadziwa chimene chinanditulutsa. Sananditulutse chifukwa ndinalibe mlandu, kapena chifukwa wina anachita manyazi. Ufulu wanga anauphika mumphika, anthu anadya n'kusamba m'manja. Munthu womasulidwa motero samva kupepuka, ndipo ine sindinamvepo.

Abusa athu anandiyendera kangapo ndi nkhani ya kukhululuka. Ndimawalandira bwino, ndimawapatsa mpando ndi mtedza. Koma kutchalitchi pemphero likafika pa mawu okhululukira otilakwira, ine ndimatseka pakamwa n'kudikira kuti apitirire, chifukwa kunamiza Mulungu sindikufuna. Sindinakhululuke. Mtima wanga ndi wakuda pa anthu amenewo, ndipo ndikufuna tsiku lina adzamve chimene ndinamva pa kazenera paja. Sindine mfiti, sindidziwa mankhwala, ndipo chiyambire sindinakhudze munthu ngakhale ndi chala. Mlandu suola, basi.

Chimene ndimachita ndi ufulu wanga n'chochepa. Kukakhala mpira ndimavala jekete ndi chipewa, ndimapita kubwalo, ndimalipira pageti ngati wina aliyense chifukwa zaulere zawo sindizifuna. Ndimakhala padzuwa, moyang'anizana ndi pokhala alendo olemekezeka. Mpira sindiuonera. Poyamba tcheyamani ankandibayibitsa moseka. Kenako anasiya. Anasuntha mpando wake kupita kumbuyo kwa mzati, inenso ndinasuntha. Ndamva kuti masiku ano sadya nyama ya ng'ombe, akuti adokotala anamuletsa. Mwezi wathawu, mpira uli mkati, chifuwa chinamugwira, ndipo asanatulutse n'komwe kampango kake anayamba wandifunafuna m'khamu la anthu. Anandipeza. Ndinamuvulira chipewa.